Sabata yosaka nyumba mu Lilongwe

Lamulungu

Ndafika ku Lilongwe madzulo ano, ndikulemba ndili kwa azakhali ku Area 36. Amene simunamve, kuntchito andipatsa transifa, mwezi wamawa ndiyamba kugwirira ku City Centre, nde ndabwera kudzasaka nyumba kaye kenako ndikatenge banja. Madamu ndi mwana atsala ku Ndirande.

Tinanyamuka pa Wenela mmawa, Lunzu, Zalewa, pa toll gate ya Chingeni, pofika pa Tsangano turn-off basi inaima ndinagula mbatatesi ndi kabichi kudzera pa windo chifukwa pakhomo pa azakhali sungafike chimanjamanja. Makilomita ndi oposa 300 koma ine sindinagone ngakhale pang'ono, mutu unali pa lendi basi.

Titadya nsima ndinayamba kufunsa mitengo ya nyumba, azakhali anandidula. Akuti, "Mwananga, kuno si ku Blantyre. Usayambe wafunsa kuti lendi ndi zingati, yamba wafunsa kuti pokafika kuntchito ukwera kangati." Anandiuzanso kuti ndisapusitsidwe ndi manambala, Area 24 ili kuno kummwera kufupi ndi 23, pamene Area 25 ili kumpoto kwenikweni mbali ya Kanengo, mzinda wonse uli pakati pawo. Kwathu ukasokera umangoyang'ana phiri la Ndirande, Soche kapena Michiru nkudziwa pomwe uli. Kuno ndi kwa see, ndaima panja kuyang'ana uku ndi uku palibe chondiuza kuti tauni ili mbali iti.

Lolemba

Lero ndinati ndiyese ngati kuti ndayamba kale ntchito, ndione kuti munthu wa ku 36 amafika nthawi yanji ku City Centre. Ndinadzuka kusanache, kusamba madzi a pa mbaula, 6 koloko isanakwane ndili pa siteji. Minibasi inadzadza msanga koma kungoyandikira Biwi basi tinayamba kukwawa, Mchesi yense ameneyu mpaka ku mlatho wa Lilongwe, magalimoto, akabaza a njinga zamoto akulowa paliponse pomwe aona mpata, ena a njinga zakapalasa atasenza makala matumba atatu. Kutsika mu Old Town, kuyenda wapansi pang'ono, kukapeza ina ya ku City Centre, kudikira kuti idzadze. Pomwe ndimafika pa geti ya ofesi hafu 7 inali itadutsa kalekale ndipo ndinali nditatopa ngakhale ntchito sindinaigwire.

Anthu amene ndidzagwire nawo andilandira bwino. Bambo wina wamkulu amene wakhalitsa pa ofesipo anandifotokozera chifukwa chake mzindawu unamwazikana chonchi. Likulu linachoka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, ndipo amene ankakonza mapulani sanamange maofesi a boma mu tauni yakale, anakaika Capital Hill ndi City Centre patali pa okha, mafakitale nkuwaika ku Kanengo, bwalo la ndege ku Lumbadzi, pakati nkusiya mitengo ndi tchire. Nthawi imeneyo anthu anali ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda uno, kuposa Blantyre, ndipo ambiri mwa anthu amenewa akukhala kumapeto uku ndi uku pamene ntchito zili pakati. Nde mmawa uliwonse mzinda wonse umathamangira misewu yomweyo.

City Centre yokha ndi yokongola, sindikana. Misewu yotakata, mitengo, nyumba ya Reserve Bank ija yomwe timaiona pa zithunzi, Nyumba ya Malamulo chapafupi. Nkhomaliro ndinadya pansi pa mtengo kwa amayi ena ogulitsa mpunga ndi nkhuku ya lokolo, anthu a mataye ali pa benchi limodzi ndi alonda. Koma ndinadikira mpaka itakwana 5 kuti ndione, anthu onse anangoti balala kuthamangira ma Sienta, pasanathe ola kunali zii. Kumeneku ndi kogwirako ntchito basi, moyo uli kwina.

36 ndaichotsa, ngakhale kuli azakhali ndipo nyumba ndi zotsikirapo. Kukwera kawiri popita kawiri pobwera, tsiku ndi tsiku, ayi.

Lachiwiri

Tsiku la madobadoba. Mnzanga wa kuntchito anandipatsa nambala ya mnyamata wina, tinakumana pa 18 pafupi ndi interchange ija anatsegula mu 2020. Asanandionetse ngakhale chitseko anafuna kaye ya viewing, akuti ndi mmene zimakhalira bigi, ndipo nyumba ikapezeka palinso yake yapadera. Ndinapereka.

Area 18 ndi pabwino, tinene zoona. Kuchoka pamenepo kupita ku City Centre ndi kukwera kamodzi, mphindi zochepa wafika, munthu utha kudzuka 6 koloko nkumwa tiyi bwinobwino ndi mwana. Nyumba zambiri ndi zija zakale za Malawi Housing, zing'onozing'ono, ena anazikuza okha. Yomwe anandionetsa inali ya zipinda ziwiri, khitchini yoti anthu awiri sangaimemo, koma mtengo wake ndinachita kufunsa kawiri. Ikudya kupitirira theka la salale yanga, ndipo akufuna miyezi itatu pamodzi. Akuti ukazengereza pofika mawa wina watenga, ndipo ndikukhulupirira, chifukwa aliyense wogwira ku Capital Hill akuifuna 18 yomweyo.

Kenako anati tiyeni ku 47 kuli boys quarter yabwino. Tinakwera njinga. Mipanda italiitali, waya wamagetsi pamwamba, agalu akuuwa mkati, msewu wonse sitinakumane ndi munthu woyenda pansi kupatula mlonda mmodzi. Nyumbayo inali yaukhondo zedi, matailosi, shawa ya madzi otentha, madzi akuti sasowa. Eni ake ndi mayi aulemu ndithu, anandipatsa mpando nkundiuza malamulo awo mosabisa: geti imatsekedwa 9 koloko, alendo ogona ayi, mbaula pakhonde ayi, malonda pa geti ayi. Ndi pakhomo pawo, ali ndi ufulu. Koma ine ndili pampandopo ndimaganiza za apongozi anga akabwera kuchokera ku Mulanje ndi thumba la chimanga ndi nanazi, ndidzawauza kuti chani? Ndimaganizanso za madamu, iwo amagulitsa kaunjika, bhelo akatsegula amayala pakhonde azimayi a mmudzi nkumabwera kudzasankha. Mu mpanda umenewu angamugulitse ndani?

Madzulo mnyamata uja anandisiya pa Bwandilo, ndinadya kanyenya nkumaonerera. Anthu ndi ambiri, nyimbo, magalimoto ali ndii mbali zonse. Amene amati ku 47 kulibe kocheza akunama, kocheza kulipo, koma ndi kocheza kwa munthu amene ali ndi galimoto yake, wabwera, wamwa, wapita. Ine chomwe ndikusaka ndi choti mwana wanga akatuluka panja apeze anzake osewera nawo phada.

Lachitatu

Lero kumpoto. Ndinayambira ku 49, ku Gulliver, Dubai mpaka ku Shire. Chomwe chinandikoka mtima ndi Bingu National Stadium, ili pafupi pomwepo ku Area 48, ndinaima kuiyang'ana nkumati Bullets ikabwera ndizingoyenda wapansi. Koma nyumba zomwe thumba langa lingakwanitse zili mkati kwambiri, kutali ndi tala, ndiye kuti mmawa uliwonse kabaza kaye kukafika pa siteji. Fumbi lake lofiira lija lafika mpaka mmasokosi, nde ndimadzifunsa kuti Januwale mvula ikamagwa kumakhala bwanji.

Ku 25 ndiye ndakhalitsa. Abale, ku 25 ndi tauni payokha. Pa Nsungwi pali chilichonse, ma hardware, mabutchala, zigayo, ma saluni, usipa, tomato milumilu, ana a sukulu ali piringupiringu, munthu utha kukhala mwezi osapita ku Old Town. Ndipo nyumba yomwe ndaona kumeneko ndi yabwino kuposa zonse zomwe ndaona chifikireni. Yatsopano, zipinda zitatu, siling'i, mita yakeyake ya magetsi, mpanda wakewake, kuseri kuli malo oti madamu atha kudzala mpiru ndi chinese. Mtengo wake ndi wotsika kuyerekeza ndi kanyumba ka ku 18 kaja. Ndinajambula vidiyo nkutumiza pa WhatsApp, madamu anayankha nthawi yomweyo kuti imeneyo ndiye nyumba.

Chinthu chimodzi chomwe azakhali anandiphunzitsa ndi choti ukamaona nyumba uzizungulira kuseri kwa maneba. Ndinazungulira. Pa khomo la kuseri la nyumba yoyandikana nayo panali zigubu zachikasu zija za malita 20 zitandandalikidwa mpaka pa kona, dramu la buluu lovindikira ndi lata mwala pamwamba, mabeseni awiri odzadza. Palibe amene amasunga madzi chonchi ngati mpopi wake umatuluka tsiku lonse. Ndinafunsa mtsikana amene amachapa pamenepo, anati amabwera usiku, nthawi zina cha mma 2, ndiye amadzuka kutunga.

Madzi ndi nkhani yoti munthu utha kuzolowera, ku Ndirande nakonso timatunga usiku. Chomwe chandilemera ndi zomwe anandiuza mnzanga wa kuntchito amene amakhala konko. Ndinamupeza kwawo cha mma 7 usiku atangofika kumene, nsapato asanavule. Akuti amanyamuka ana ali mtulo, pobwera wamng'onoyo amamupeza wagona kale, Loweruka amakhala wotopa moti ngakhale ku ukwati sapita, amangotumiza envelopu. Akuti, "Achimwene, mukanakhala kuti mukugwira ku Kanengo ndikanati tengani lero lomwe, anzathu a ku fodya ndi a mmafakitale kuno ali pabwino. Koma City Centre, muganize kawiri." Anawonjezera kuti msewu anaukuza ndithu ndipo zinthu zinasinthako, koma mtunda ndi womwewo, ndipo mafuta akasowa kapena akakwera, woyamba kulira ndi munthu wa kutali chifukwa makondakitala amakweza mtengo pompo.

Pobwerera ku 36 ndadutsa mzinda wonse kuchoka kumpoto mpaka kummwera, ndafika azakhali atayamba kuda nkhawa.

Lachinayi

Lero sindinayende kwambiri. Mmawa ndinapita mbali ya Likuni, ndinatsika pa Chinsapo, nyumba zotchipa zilipo koma ndi nkhani yomweija yokwera kawiri kudzera mtauni, sindinataye nthawi.

Masana ndinakhala pansi ndi kope. Nyumba iliyonse ndinalemba lendi, pansi pake transipoti yanga ya mwezi wonse, pansi pake transipoti ya madamu yopita kukaoda mabhelo mu Old Town, pansi pake ya mwana ngati sukulu ili kutali. Nyumba yokongola ya ku 25 ija itasenza zonsezi inafika pafupi ndi ya ku 18. Ndinawerengeranso kachiwiri kuopa kuti ndaphonya, yankho lomwelo.

Azakhali tsiku lonse anali ku maliro a neba, anabwera madzulo chitenje chili mchiuno, mapazi ali mbuu. Amandifotokozera mmene azimayi a mderalo anagawanirana, ena nkhuni, ena ufa, ena kugona ku siwa, azibambo kusonkha ya galimoto yonyamula thupi mpaka ku Ntcheu. Womwalirayo sanali wa kuno, anabwera ndi ntchito ngati ine. Nkhani imeneyi yandikhala pamtima. Ife tikubwera kuno opanda mbale wapafupi kupatula azakhaliwa ndi msuweni wanga wa ku 23, tsiku lina mwana adzatentha thupi pakati pa usiku ine ndili ku field, madamu adzagogoda pa khomo la ndani?

Usiku tinayankhulana nthawi yaitali. Ndinawauza za zigubu, za mnzanga uja, za masamu a mu kope. Anakhala chete kenako anati, "Abambo, inu muzichoka mmawa, amene tizitsala pamalopo tsiku lonse ndi ine ndi mwanayu. Matailosi ndawafuna ndithu, koma mundipezere poti ndikatuluka panja ndipeze wondipatsa moni, komanso inuyo muzifika kunja kukuwala."

Lachisanu

Msuweni wanga anandiimbira mmamawa kuti bwanji simunaone ku Kawale? Kunena zoona palibe dobadoba amene anaitchulapo, ndipo anzanga a ku ofesi ukatchula Kawale amangoti mmm. Koma iye anati tiyeni mukaone nokha, pali msewu wochoka ku Kawale kuwoloka mtsinje wa Lilongwe nkukatulukira ku City Centre osadzera mu Old Town.

Tinakumana pa Masintha ground. Nditangotsika ndinamva ngati ndafika kwathu. Nyumba zothithikana, ana ali mu msewu ndi mpira wa mapepala, amayi akukazinga mandasi pakhonde, wowotcherera mageti ali gwaa gwaa, wina akukuwa makala, azibambo ali pa bawo pansi pa mtengo. Ndi lokeshoni yakale, zimaonekera pa mitengo ya mango mmene inakulira komanso pa anthu ake, ambiri ndi oti anabadwira pomwepo, amadziwana mpaka agogo.

Nyumbayi sitinaipeze kudzera kwa dobadoba. Mkazi wa msuweni wanga ali mu Chigwirizano cha amayi ku mpingo, nde anamva kwa mnzake kuti mayi ena achikulire ali ndi nyumba yomwe aphunzitsi ena atulukamo sabata yatha. Tinawapeza akusankha nyemba pa lichero. Sanayambe ndi za ndalama. "Mwachokera kuti bambo? Kumudzi ndi kuti? Muli pa banja? Mumapemphera kuti?" Nditati CCAP, ya Blantyre Synod, anaseka nkuti kuno ndi kwa a Nkhoma koma Mulungu ndi yemweyo, mudzabwere ndi kalata yanu.

Nyumbayo ndiifotokoze mmene ilili, osaikometsera. Zipinda ziwiri ndi pabalaza. Pansi ndi simenti yofiira yopolisha, pakhomo pali mng'alu woti chala chitha kulowa. Siling'i ilipo pabalaza pokha, kuchipinda ukayang'ana mmwamba ukuona malata, ndipo pa kona imodzi pali dzimbiri, ndinawaonetsa anati mwana wawo adzasintha lata limenelo mvula isanayambe. Magetsi mita ndi yakeyake, zomwe ndinakondwa nazo chifukwa nkhani yosonkherana ma units inatidanitsapo ndi anthu. Madzi ndi mpopi umodzi wa panja, mabanja atatu, bilu kugawana. Bafa ndi chimbudzi zili panja koma ndi zathuzathu, zokhoma ndi loko. Ndinazungulira kuseri, zigubu zilipo koma ziwiri zokha. Ndinayang'ananso mmunsi mwa khoma ngati pali mzere wa matope, chifukwa aliyense akudziwa kuti mitsinje ya mu Lilongwe ikadzadza imalowa mnyumba za anthu, ku Mtandire Lingadzi anaononga zinthu mu 2017. Khoma ndi loyera, ndipo malowo ali kumtunda, kutali ndi mtsinje.

Kenako ndinakwera kupita ku City Centre kuti ndiyese. Kamodzi kokha, ndipo ndisanamalize kuyankha mauthenga pa foni ndinali nditafika. Ndinadikira nthawi yowerukira nkubwerera limodzi ndi anthu, mzere wa magalimoto unalipo pa mlatho koma ndinafika pa Masintha dzuwa likadalipo, anyamata akadali pa training.

Loweruka

Ndinabwereranso, ulendo uno ndekha komanso madzulo dala, chifukwa malo amaoneka bwino masana. Zovuta zilipo ndipo ndizinena. Chapafupi pali bala, nyimbo zake zimamveka mpaka pakhonde, neba akuti kumapeto kwa mwezi zimafika mbandakucha. Bambo amene ali nyumba yapakati mu mpandamo, amagwira ntchito yokonza mafiriji, anandiuza mosabisa kuti zovala pa chingwe sizigona panja, ndipo kukada ndisamayende wapansi mbali ya ku mlatho foni ili mmanja. Anati koma pa mpanda pano sipanathyoledwepo chifukwa nthawi zonse pamakhala munthu, ndipo usiku kuli achitetezo a mmudzi omwe khomo lililonse limasonkha kangachepe pa mwezi.

Tikucheza choncho akazi awo anatulutsa tiyi ndi mbatata, mwana wawo wamkazi ali Sitandade 2 ngati wathu, ndipo anandilozera njira yomwe ana a mu mpandamo amadzera popita ku sukulu, onse pamodzi, osawoloka msewu waukulu. Mayiwo atamva kuti madamu amagulitsa kaunjika anati abwere msanga, pano palibe wogulitsa za ana, komanso banki mkhonde yawo imakumana Lachiwiri. Kuchoka pano kupita ku Old Town kokaoda ndi pafupi, ku 23 kwa msuweni ndi pafupi, kwa azakhali ku 36 ndi mbali yomweyino ya mtsinje.

Mtima ukundiwawabe ndi nyumba ya ku 25 ija, ndisaname. Mwana wanga akanakhala ndi chipinda chakechake, madamu akanasamba mnyumba osatuluka panja mu Juni kukuzizira. Amene mwasankha kukhala kutali kuti mukhale motakasuka sindikukutsutsani, ena ntchito zanu zimalola, ena muli ndi galimoto. Koma ine ndi salale yanga, ndi mwana wa zaka zimenezi, ndi mayi amene bizinesi yake imadalira anthu odutsa pakhomo, maola awiri kapena atatu a tsiku ndi tsiku mu minibasi sindingawapereke chifukwa cha matailosi.

Ndinawapempha mayi aja kuti miyezi itatu pamodzi sindikwanitsa chifukwa palinso ya lole yosamukira. Anaganiza pang'ono nkuti perekani iwiri bambo, inayo tizionana mwezi ndi mwezi, bola musamandithawe tsiku likakwana. Tinalemberana mu kope lawo, msuweni wanga ndi bambo wa mafiriji uja anasayina ngati mboni, makiyi andipatsa awiri, wa pakhomo ndi wa ku bafa.

Lamulungu

Mmawa ndinakapemphera konko ku Kawale, nthawi ya alendo ndinaimirira nkunena kuti ndikusamukira kuno ndi banja, potuluka akulu a mpingo awiri anandifunsa dera lomwe nyumbayo ili kuti adziwe mlaga wathu. Masana ndinagula laimu ndi burashi, mnyamata wa pa mpandapo apaka mkati sabata ino ndipo mng'alu wa pakhomo uja autseka ndi simenti, ndasiya ndalama yake kwa msuweni.

Mawa ndikwera ya mmawa kubwerera ku Blantyre. Zotsala ndi transifa ya mwana ku sukulu, kalata ya ku mpingo, ndi kugulitsa kabati yaikulu ija chifukwa pabalaza pa ku Kawale singalowe. Chomwe chikundivuta ndi galimoto, ma lole omwe ndafunsa akutchula mtengo wa ulendo wopita ndi wobwerera. Ngati alipo amene akudziwa 3 tonner yomwe ikubwera ku Blantyre ndi katundu kumapeto kwa mwezi uno nkumabwerera ku Lilongwe yopanda kanthu, chonde mundidziwitse, katundu wathu ndi bedi ziwiri, mipando, firiji yaing'ono ndi mabhelo a madamu.